Mipira ya Lamson ndi Mbale za Margreth

Lamson Matewere ndi munthu woti simungamuone pagulu. Ku tchalitchi kwathu ku Balga amakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, ndipo nthawi ya tiyi ndiye amapinda mipando enafe tikutafuna mabisiketi ndi miseche. Ndinamudziwa mu 2016 atangofika kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Perth, ndi mkazi wake Margreth. Popeza analibe wachibale kuno, ndipo ine ndi imvi zangazi ndimaoneka ngati munthu wanzeru, anandipempha kuti ndikhale nkhoswe wake wa kuno. Ndinavomera msanga poganiza kuti ndi udindo wongodyera nkhuku. Ndine Fraser, wa ku Ntcheu, ndimayendetsa basi, ndipo sindidziwa kubisa mawu.

Lamson anabadwira ku Chilomoni mu Blantyre n'kukulira momwemo. Bambo ake ankakonza mafiriji ndi mawailesi pakhonde, ndipo iye anatengera manja awo pamodzi ndi kusalankhula kwawo. Kumudzi kwa makolo ake ku Thyolo anangopitako ali mwana, n'kubwerako ndi matekenya, osabwererakonso. Maliro onse amene anawaonapo anali a m'tauni: lole ya pakampani, nkhata za pulasitiki, m'busa akuyang'ana wotchi.

Margreth ndi wa ku Dedza, cha ku Mayani, mwana woyamba wa mayi wamasiye. Wamfupi, wokonda kucheza ndi aliyense, woseka mokweza. Kuno ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Akamabwera kwathu, Margreth amakhala atalowa kale m'khitchini n'kuvundukula mapoto, Lamson akadali panja kuyesa ngati zitseko za galimoto zatsekeka. Ana analibe, nkhani imene amayi a pa tchalitchi ankaiika m'mapemphero popanda wowatuma.

Ankakhala nyumba ya lendi ku Girrawheen. Kuseri kwake kunali mchenga wokhawokha, wotuwa, womwa madzi ngati chidakwa. Koma Margreth analimbana nawo ndi matumba a manyowa mpaka unabereka nkhwani, therere ndi mpiru, ndipo Lamlungu lililonse ankabwera ndi timitolo togawira anzake. Chuma chake china chinali m'kabati ya magalasi pabalaza: mbale ndi makapu adothi oumbidwa ku Dedza konko, oyera, ojambulidwa nkhanga za buluu. Anamupatsa amayi ake pa ukwati. Anabwera nazo pandege zitakulungidwa m'zitenje, atazifungatira pamiyendo ulendo wonse. Zinkatuluka pa Khirisimasi basi. Ine amene, nkhoswe wathunthu, ndinkamwera tiyi m'kapu ya ku sitolo.

Ntchito ya Lamson inali kumalo osewerera bolingi. Kwa amene simunaonepo, ndi masewera ogubuduza mpira wolemera ngati thumba la shuga lalikulu, wokhala ndi maenje atatu olowetsamo zala, kuti ukagwetse timitengo toimikidwa kutsogolo. Azungu amalipira ndalama kuti achite zimenezi, ndipo amakondwa. Lamson ankapukuta mipira, kupopera mankhwala m'nsapato zobwereketsa, ndi kukonza makina a kuseri akakakamira. Ntchitoyo ankaikonda chifukwa kuseriko kunali phokoso loti palibe amene angayembekeze kuti ulankhule.

Mu Febuluwale 2020 amayi a Margreth anagwidwa ndi sitiroko. Margreth anakwera ndege kukawadwazika, akunena kuti abwerera pakatha mwezi. Mwezi usanathe, korona anafika, boma linatseka zipata za dziko, ndipo olowa anali nzika ndi okhazikika okha. Viza ya awiriwa inali yongogwirira ntchito. Margreth anatsekeredwa kunja, Lamson mkati, ndipo akanati atuluke kumutsatira sakanaloledwa kubwerera. Kuyambira pamenepo moyo wa Lamson unali ndi funso limodzi lokha, lakuti mkazi wake abwera liti.

Malo a bolingi anatsekedwa sabata yomweyo, ndipo mwini wake, yemwe anali atatopa nayo kale bizinesiyo, sanatsegulenso. Mipira yabwino anagulitsa. Yakale, yokalikakalika ndi yong'aluka anaiunjika kuseri podikira galimoto ya zinyalala. Lamson atapita kukatenga jekete lake anaipeza ili pamenepo, ndipo anailongedza m'galimoto mpaka matayala a kumbuyo anaphwa. Nditamufunsa kuti aichita chiyani anangoti, “Ndinangoimvera chisoni, achimwene.”

Kuseri kwa mpanda wake kumakhala Debbie, mzungu wachikulire wamasiye, wosuta fodya ngati chimuni, amene dimba lake ladzaza tizidole ndi tizinthu tolendewera. Ataona mulu wa mipira uja anakondwa ngati watola golide. Iye ndiye anamuphunzitsa Lamson kuisandutsa zokongoletsera dimba. Umayamba wautsuka mpirawo kuti mafuta onse achoke, n'kuukwecha ndi sandipepa kuti guluu agwire. Kenako umamatapo zidutswa za mbale zosweka, za matailosi kapena za kalilole, chimodzichimodzi, mbali imodzi lero, ina mawa, chifukwa ukafulumira zimatsetsereka. Zikauma umapaka simenti yoyera m'mipata, n'kupukuta ndi siponji mpaka mitundu ionekere. Maenje a zala aja amayang'ana pansi. Debbie yake ankangoipenta ngati njuchi kapena chivwende. Lamson patangotha mwezi anali atamuposa kutali mphunzitsi wakeyo.

Anapeza ganyu yopukuta tingolo togulira zinthu pa sitolo ina yaikulu, ndipo akaweruka ankadutsira m'mashopu a kaunjika kufunafuna mbale zobenthuka ndi mipira ina imene anthu anatopa nayo. Ogulitsa anamuzolowera, ankamusungira. Kuno ku Perth matendawa sanatigwire kwenikweni chaka chimenecho. Pofika mu Juni anthu anali atabwerera kunyanja ndi kumabala, akudzitamandira kuti tili pabwino kuposa dziko lonse. Zimenezi zinkandinyansa. Pabwino pake panali pa amene abale awo onse anali mkati mwa mpanda. Lamson ankapempha chilolezo chapadera choti Margreth alowe, ankamukana, n'kupemphanso. Masana aliwonse pa nthawi yopuma ankakhala m'galimoto kuimba foni, kumudzi kukungocha kumene. Margreth ankalankhula, za amayi, za mtengo wa feteleza, za mbuzi ya oyandikana nawo, ndipo Lamson ankangovomera kuti “eya, eya” akumwetulira yekha.

Dimba la Margreth silinapirire. Dzuwa la Disembala la kuno limawotcha ngati uli pafupi ndi uvuni wa njerwa, ndipo Lamson, ndi luso lake lonse, alibe dzanja la mbewu. Nkhwani zinayamba kufota, therere linatsatira. Pamalo paliponse pamene mbewu yafa ankaikapo mpira, kuti pasaoneke dazi. Poopa kuti ungagubuduke, ankaunjika mchenga n'kuukhazika pamwamba. Akhwangwala ankabwera kudzajompha ya kalilole ija polimbana ndi zithunzi zawo.

“Zikukongola, achimwene?” anandifunsa tsiku lina nditapita kukamuona.

“Zikukongola,” ndinatero. “Koma iwe Lamson, matenda ako si korona. Ndi kusowa mkazi. Munthu wa mkazi pakhomo sangakhale Loweruka lonse akupukuta mpira ndi mswachi.”

Anaseka pang'ono, kenako anati, “Akabwera apeze pakhomo pali bwino.”

Mu Januwale 2021 matenda anavuta kwambiri kwathu ku Malawi. Foni ikalira, mtima unkayamba wagunda usanaone amene akuimba. Amayi a Margreth, ofooka kale ndi sitiroko, korona atawagwira sanalimbe. Anamwalira m'manja mwa mwana wawo, ndipo anaikidwa mofulumira, anthu ochepa, popanda kugona pa siwa. Kuno tinasonkhana kwa Lamson, tinaimba nyimbo, azimayi anaphika. Margreth tinamuimbira foni, koma mawu ake anali ouma, osalira. Lamson anagwira foni ndi manja awiri, n'kungoti, “Pepa, Margreth. Pepa.”

Patangopita masiku ochepa, kumayambiriro kwa Febuluwale, kunapezeka wodwala mmodzi mumzinda muno ndipo tonse anatiika pa m'bindikiro wa sabata. Lamson anatsala yekha m'nyumba, ndi chisoni cha mkazi wake chimene sakanatha kuchinyamula ndi pakamwa. Munthu wina akanalemba uthenga wautali, wina akanatumiza vesi. Iye anaganiza zopanga chinthu ndi manja. Anasankha mpira waukulu kuposa yonse, wakuda. Atatsegula kabati ya magalasi anapeza kuti mbale imodzi ya nkhanga inali ndi mng'alu wakalekale. Anaganiza kuti mbale yochokera kwa amayi a Margreth ndiyo yoyenera, kuti mphatso ya malemuwo isamangokhala mumdima koma iwale padzuwa. Anaidula bwinobwino ndi pulayala n'kuyamba kumata. Mbale imodzi sinakwane ngakhale theka la mpira. Mashopu a kaunjika anali otseka, ndipo nkhanga za mtundu umenewo sizipezeka kuno. Anatenga zotsalazo, nazikulunga m'thaulo, n'kuziswa ndi hamala.

Ndinauona mpirawo pambuyo pake, ndipo ndinene zoona, chinali chinthu chokongola kuposa chilichonse chimene anapangapo. Nkhanga za buluu zikuzungulira ngati zikuthamangitsana, ndipo pakati, ndi tizidutswa toyera, dzina lakuti MARGRETH. Anaukhazika pamene panali nkhwani, pa mzere umene mkazi wake ankaukonda. Mchenga anauunjika motalika, kutsatira mzerewo. Popeza maluwa enieni sakanapirira dzuwa, anazunguliza a pulasitiki amene Debbie anamuponyera pamwamba pa mpanda. Anajambula chithunzi n'kuchitumiza pa gulupu ya pafoni ya banja la kwa Margreth, popanda mawu alionse.

M'mawa mwake ndili pa depoti, mabasi akuyenda opanda anthu, foni yanga inalira. Anali a Augustine, amalume ake a Margreth, omwenso ndi nkhoswe wa kuchikazi. Ndi mlimi wa mbatatesi, munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana.

“A Fraser, mwadzuka bwanji kumeneko? Ndimati ndifunse, mkamwini wathu ali bwinobwino m'mutu?”

Ananditumizira chithunzicho. Ndinachikulitsa pafoni n'kuchiyang'anitsitsa. Mtumbira wautali. Maluwa ozungulira ngati nkhata. Mbale za munthu zoswedwa pamwamba, ndi dzina lake. Mwana aliyense wokulira kumudzi akanakuuzani chimene akuona. Kwawo kwa Margreth, monganso kwathu, munthu akaikidwa amatenga mbale ndi kapu imene ankadyera, n'kuziswa kapena kuziboola, n'kuziika pamanda ake. Ngakhale akhristu ambiri amachitabe, mwakachetechete, m'busa atachoka. Ziwiya za munthu wamoyo siziswedwa dala. A Augustine anandiuza kuti Margreth, monga mwana woyamba, ndiye ananyamula mbale ya amayi ake kupita nayo kumanda, n'kuiswa yekha ndi mwala. Inali ya nkhanga za buluu. Pogula za ukwati zija, mayiyo anadzisungira imodzi.

M'bindikiro utatha ndinapita ku Girrawheen ndili ndi ukali wonse. Ndinamukokera kuseri, ndinamuimika patsogolo pa chinthu chakecho.

“Tayang'ana! Ukuona chiyani?”

“Ndi garden ball, achimwene, chokongoletsera dimba.”

“Ndi manda awa, chitsiru iwe! Wamuika m'manda mkazi wako ali moyo!”

Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono, kenako anakhala pansi pamchenga wotentha uja osamva n'komwe kuti ukuwotcha. Ukali wanga unathera pomwepo, ndinatsala ndi chisoni chokha. Mwambowo anali ataumvapo, monga mmene timamvera za mayiko akutali, koma sanauonepo ndi maso.

Tinakhala pansi ankhoswe pa foni ya vidiyo. Kuno ine ndi Lamson pabalaza, kabati yopanda kanthu ili kumbuyo kwathu. Uko a Augustine pakhonde, masiki ili pachibwano. Margreth sankaoneka, kupatula nsonga ya chitenje chake m'mphepete mwa chithunzi. Ndinalankhula kwambiri tsiku limenelo. Ndinafotokoza za Debbie, za bolingi, zoti kuno azungu amachita zimenezi pokongoletsa pakhomo, zoti Lamson ndi mwana wa m'tauni. A Augustine anamvetsera mpaka ndinatha.

“Tamva,” anatero. “Koma ndifunseko akamwini eni ake. Mbalezo zinagwa zokha?”

“Ayi, amalume.”

“Munaswa ndi chiyani?”

“Ndi hamala.”

Kunkamveka tambala wa ku Dedza ndi galimoto ya zinyalala ya ku Girrawheen. Kenako Margreth analankhula, osaonetsa nkhope.

“Zonse?”

“Zonse,” anayankha Lamson.

Nsonga ya chitenje ija inachoka pachithunzi.

Tsoka silinathere pamenepo. Sabata yotsatira Margreth anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, mpaka anagonekedwa m'chipatala. Munthu amene anadwazika wodwala korona ndi manja ake, n'chodabwitsa chanji kuti naye wadwala? Koma pamudzi nkhani inali itapsa kale. Ena ankati Lamson wapeza mzungu ndipo akufuna kuchotsa mkazi panjira. Ena ankati walowa zamatsenga a kunja zolemeretsa. Chithunzi chija chinayenda m'mafoni mpaka chinabwerera kuno, ndipo amayi ena a pa tchalitchi chathu, anthu a madigiri awiriawiri, anayamba kumulambalala Lamson pa nthawi ya tiyi. Mmodzi ndinamufunsa pamaso pa anthu ngati digiri yake anaitenga ya ufiti, ndipo mpaka lero sitipatsana moni.

Masiku amene Margreth anali m'chipatala Lamson sankadya. Anasalaza mitumbira yonse ndi fosholo, maluwa anataya. Anayesa kugoba zidutswa zija pa mpira ndi chizulo, koma guluu wake ndi wosamva, zinangophwanyika kukhala ufa. Anaukulunga m'bulangeti n'kuuika m'shedi. Debbie atamva zonse anabwera ndi keke, akulira, akungobwereza kuti “I'm so sorry, love.” Analibe mlandu mayi uja. Kwawo mbale yosweka ndi mbale yosweka basi.

Margreth anachira. A Augustine, munthu wachilungamo, anaweruza kuti mkamwini analakwa mosadziwa, apepese ndi nkhuku. Mnzake wina wa Lamson wa ku Lilongwe anakapereka nkhukuyo, pamodzi ndi bokosi la mbale zatsopano zofananirako. Akuluakulu anadya, nati mlandu watha. Koma foni za masana zija sizinabwerere mwakale. Lamson ankaimba, Margreth ankayankha mwaulemu: ali bwino, mvula yagwa, zikomo poimba. Tsopano wofunika kulankhula anali Lamson, ndipo mukumudziwa kale. Ankangomva kupuma kwa wina ndi mnzake mpaka wina anene kuti netiweki ikuvuta. Tinamva kuti Margreth wayamba kuthandiza pa kachipatala ka mishoni, wafolera nyumba ya amayi ake, walima munda wawo. Bokosi la mbale lija akuti linali pansi pa bedi losatsegulidwa.

Kwa miyezi ingapo Lamson sanagwire mpira. Kenako anayambiranso, chifukwa manja aja sakanatha kungokhala, koma mbale sanazikhudzenso. Ankamata mabo, timiyala ta kunyanja ndi magalasi. Yambiri anakapereka kunyumba ya okalamba kumene Margreth ankagwira ntchito, ndipo mpaka lero ili m'dimba lawo. Agogo a kumeneko ankamufunsa kuti mkazi wake wamng'ono woseka uja abwera liti. Iye ankati boda ikatsegulidwa.

Boda inatsegulidwa mu Malichi 2022. Pa TV ankaonetsa anthu akukumbatirana pa bwalo la ndege ndi zibaluni. Lamson anaimba foni tsiku lomwelo kuti agule tikiti. Margreth anati, “Bwerani kaye mudzapepese maliro.” Zinali zoyenera, ndipo ine ndinaona ngati khomo latseguka. Mu Juni ndinamuperekeza ku bwalo la ndege atavala suti. Ndinamulangiza njira yonse, kuti akafika alankhule, asakangokhala ngati chitsa.

Tsiku lobwerera ndinatsuka galimoto, mkazi wanga anaphika ngati kuli chinkhoswe. Ndinaima pa chipata chotulukira ndikusuzumira kumbuyo kwa munthu aliyense wamtali, kufuna kuona kamutu ka Margreth. Lamson anatuluka yekha. Tinalowa m'galimoto, kunja kukuwaza mvula yozizira ya mwezi umenewo, ndipo titafika pa msewu waukulu wa Reid Highway anayamba kufotokoza.

Anati anamulandira bwino. Anamuphera nkhuku, anamuyalira m'nyumba ya alendo. A Augustine anamutengera kumanda, ndipo kumeneko anagwada n'kulira kulira kumene sanalirepo chibadwire, mpaka amalumewo anachita kumudzutsa. Masiku onsewo Margreth ankamuphikira, kumutenthetsera madzi osamba, kumuchapira, koma osakhala naye pansi. Tsiku loti mawa lake anyamuka, masana, Lamson anamupeza kuseri kwa nyumba akusankha mbatatesi zambewu. Lamson anakhala pa thumba n'kulankhula. Akuti analankhula zonse, mwadongosolo, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake.

Margreth anamvetsera manja akugwirabe ntchito. Kenako anati:

“A Matewere, ine sindinakhulupirirepo zoti munandilodza. Ndagwira ntchito m'chipatala, ndikudziwa kumene ndinatenga matenda. Ndikudziwanso kuti munapanga chinthu chija pondikonda. Koma chithunzicho chinandipeza dothi la kumanda kwa amayi lisanachoke m'zikhadabo. Ndinachiyang'ana, ndinaona manda anga, osesedwa bwino, a maluwa. Sindinachite mantha. Ndinangoona kuti Margreth wa ku Girrawheen uja wapita, ndipo ndinamulira pamodzi ndi amayi. Chaka chonse ndayesetsa kuti ndimudzutse, ndalephera. Ndikaganiza zolowa m'nyumba ija miyendo imakana. Mwabwera kudzatenga munthu amene ndinamulira kale.”

Ndinamva ukali ukukwera. Ndinayamba kunena kuti zimenezo si zifukwa, kuti ukwati wa pa tchalitchi sutha chifukwa cha mbale, kuti ndiwaimbira a Augustine ndiwauze mawu. Lamson anadikira kuti ndimalize.

“Amalumewo akuti muwaimbiredi,” anatero. “Akuti pali zoti mukambirane ankhoswe okhaokha.”

Aliyense wa kwathu amadziwa zimene ankhoswe amakambirana okhaokha eni banja atalephera: kuthetsa ukwati. Ndinapatukira m'mbali mwa msewu n'kuimitsa galimoto, chifukwa maso anga sankaonanso bwino. Magalimoto ankatidutsa akutithira madzi. Ndinamuuza kuti ndikhoza kukana, ndikhoza kukoka nkhaniyi chaka china, mwina mtima wa Margreth n'kusintha.

Anapukusa mutu, akuyang'ana manja ake pamaondo.

“Ndinamuona akuseka ndi anzake pa mjigo, achimwene, asanadziwe kuti ndikumuona. Kuseka kuja kwakale. Atandiona anasiya.” Anatembenukira kwa ine. “Mukawaimbira musakangane nawo. Muwauze kuti ndavomera.”